Mayi Tiruwork ndi mtsuko wa Mariya

Apongozi anga, mayi Tiruwork, tinawaika m'manda masiku makumi anayi apitawo. Alendo amene anabwera kumwambo wowakumbukira anyamuka dzulo, ndipo m'nyumba muno muli zii. Ndakhala motsamira mzati wapakati, dzanja langa likungopita lokha pamalo pamene mtengowu unasalala. Sitinaupale ife ayi, ndi zikhatho zawo zinachita zimenezi. Kumanda anthu ananena kuti anali mayi wopemphera, wodziwa kufulula mowa, wosabisa mawu. Zoona zonsezo. Koma za mzatiwu palibe ananenapo, ndiye ndinene ine.

Ndinalowa m'nyumba muno ndili mtsikana, mkazi wa mwana wawo wamng'ono, Yirga. Dzina limene anandipatsa makolo anga iwo sanalitchulepo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti ndikhala Wubalem, basi mpaka lero mudzi wonse umandidziwa choncho. Yirga atamwalira ndi chifuwa, abale anga anabwera kudzanditenga. Apongozi anawaphikira khofi, anawadyetsa bwinobwino, kenako anawauza kuti abwerere dzuwa lisanapendeke chifukwa njira ndi yaitali. Ine ndinatsala. Zaka khumi ndi chimodzi tinakhala awiriwiri, ndi ng'ombe ziwiri, bulu mmodzi ndi kamunda ka tefu, mbewu yathu ya tinjere ting'onoting'ono, kumunsiku.

Ndisaname, sanali munthu wofewa. Injera yanga, buledi wopyapyala wa ufa wa tefu, sanaiyamikirepo ngakhale tsiku limodzi. Ankaikweza m'mwamba, kuiunika, kupukusa mutu, kenako n'kudya mpaka kumaliza. Anali wamfupi, woonda ngati ndodo, koma akamatsika phiri mtsuko uli kumsana, atsikana ankachita kuwapatukira.

Chimene ankachikonda kuposa zonse ndi gulu lawo la Mariya. Amayi khumi ndi awiri, aliyense ndi mwezi wake. Pa 21 mwezi uliwonse, tsiku la Mariya, amasonkhana kwa mmodzi, amapemphera, amadya buledi, amamwa mowa wa balere. Pomaliza amadzaza mtsuko wa Mariya, amauveka nsalu yake yofiira, ndipo mayi amene adzalandire anzake mwezi wotsatira amaunyamula kupita nawo kwawo. Mtsuko umenewu sutumidwa mwana, sukwera bulu. Mwini mwezi amaufungatira yekha ndi manja onse awiri, ndipo ukatuluka pakhomo lina sutulidwa pansi mpaka utalowa pakhomo linalo. Apongozi analowa m'malo mwa apongozi awo, ndipo kwa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi mwezi wa Tir unali wawo. Ndiye chaka chilichonse m'mwezi wa Tahsas, umene umatsogolera Tir, ankakautenga kwa mayi Bizunesh, tsidya lija la khwawa. Awiriwa anakwatiwa m'mudzi muno chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo sanasiye kunyozana. Wina akadwala, mnzakeyo ndiye ankayamba kufika, n'kumunena kuti akudzidwalitsa.

Apongozi anagwa m'mwezi wa Nehase, mvula ili pakati. Thole linatuluka m'khola, iwo n'kulithamangira kuseri, pamatope. Ine ndinali m'nyumba, sindinamve kulira kulikonse. Nditaona kuti achedwa ndinatuluka, n'kuwapeza ali gone m'matopemo, mvula ikuwamenya kumaso, phazi lakumanzere litaloza kunja. Ndinati ndiwadzutse, iwo anangoti, "Gwira tholelo kaye."

Tinachita zimene aliyense kuno akanachita. Tinaitana munthu wathu wa mafupa, yemwe anawongola mkono wa Yirga ali mwana. Anawapaka batala, anawasisita, anakoka mwendowo, anaumanga ndi nsungwi, n'kunena kuti tidikire masiku asanu ndi anayi. Ine ndinkawaphikira phala la balere lothira batala wambiri kuti fupa ligwirane. Masiku aja anakwana, munthu akungoonda, ndipo ndikawatembenuza ankaluma nsalu kuti ndisamve. Pamenepo ndinapita kwa aneba kukabwereka foni, kuimbira mwana wawo wamkulu, alamu anga a Demeke, amene amagwira ntchito ku Addis Ababa. Anandikalipira mpaka foni kutentha. Sindikuwadandaula, ananena zoona. Mawa lake amuna asanu ndi atatu anawanyamula pa machira, mosinthana, mpaka kumsewu.

Kuchipatala cha m'tauni anati lathyoka ndi fupa la pamwamba pa ntchafu, polumikizana ndi chiuno, malo amene nsungwi sizingagwire. Anawang'amba n'kuikamo chitsulo. Adokotala anauza a Demeke kuti tachedwa, ndiponso fupa ndi lokalamba. Mwina adzayendako m'nyumba mokha, atagwira chitsulo cha miyendo inayi chimene anatipatsa.

A Demeke ndi munthu wabwino. Anakhala pamphepete pa bedi n'kuwauza amayi awo kuti akuwatenga. Chipinda chilipo, pansi ndi posalala, chimbudzi chili m'nyumba momwemo, chipatala chili pafupi. Apongozi anamvetsera zonsezo, kenako anafunsa.

"Nanga ndikafa, ukandiika kuti?"

"Amayi, manda ali ponseponse."

Apongozi anatembenukira kukhoma. Ine ndinadziwa chimene chinali mumtima mwawo. Kutchalitchi chathu cha Mariya, pansi pa mitengo ija, kuli amuna awo, kuli Yirga, kuli ana awo anayi amene anapita asanayambe kuyenda. Malo awo anawaloza kalekale. Kupita ku Addis Ababa kunali kusiya onsewo, kukagona pakati pa anthu osawadziwa. Masiku awiri sanadye. Tsiku lachitatu anamuitana mwana wawo.

"Tsiku la Mariya m'mwezi wa Tahsas ubwere ndi galimoto yakoyo. Ndikautenga mtsuko kwa Bizunesh n'kufika nawo m'nyumba mwanga ndi miyendo yangayi, ubwerera wekha. Ndikalephera, undinyamule ngati thumba la tefu. Sindidzatsegula pakamwa."

A Demeke anavomera msanga. Panja anandikokera pambali n'kuti, "Mlamu, asiyeni akatsanzike nyumba yawo. Miyezi itatuyi si yambiri." Nanenso ndinkaganiza chomwecho. Munthu amene sankatha kukhala tsonga popanda ine kumugwira, khwawa lija akanaliwoloka bwanji?

Tinabwerera pa machira omwe aja. Titangolowa, anandiuza kuti ndikoke bedi lawo lifike pafupi ndi mzati. Chitsulo cha kuchipatala anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti chimadya manja onse awiri, pamene iwo manjawo akuwasungira ntchito ina. Ndinachiika kukhoma, tinkayanikapo anyezi.

Tsiku loyamba anafungatira mzatiwu n'kudzikoka mpaka kuimirira. Thukuta linali kamukamu, milomo itayera. Anaima kanthawi kongokwana kunena Atate Athu, n'kugwera pabedi. Madzulo anabwerezanso. Patatha mlungu anayamba kusuntha phazi, ili kenako ili, manja akutsetsereka pamtengo. Kuuzungulira mzatiwu kamodzi kokha kunawatengera masiku khumi ndi awiri. Atauzungulira anangondifunsa ngati ng'ombe ndazimwetsa. Kuchokera pamenepo kunali kuzungulira basi, m'mawa ndikamakazinga khofi, masana ndikachoka kumunda, ngati ng'ombe yopuntha tefu padwale. Pansi panakumbika kanjira kozungulira, ndinazira ndi ndowe kawiri konse. Nthawi zina ndinkawamva akulankhula ndi mwendo wawo, kuunyoza monga ankanyozera mayi Bizunesh. Ankauuza kuti wadya batala wa ng'ombe zawo zaka zonsezi, tsono ubweze.

Kenako anasiya dzanja limodzi. Kenako anayamba kungokhudza mzatiwo ndi phewa, manja atawapinda pachifuwa ngati anyamula mwana. Ine poyamba sindinamvetse, ndinkayesa akumva kuzizira. Maluwa achikasu a mwezi wa Meskerem anawaonera pakhomo, atagwira mphuthu. Pofika pakati pa mwezi wotsatira wa Tikimt anali atatuluka panja, akutsatira mpanda wa khola.

Ndiye anaitanitsa mtsuko wakale, kuti ndiudzaze madzi mpaka m'khosi. Woyamba unasweka tsiku lomwelo. Wachiwiri unatha mlungu. Tsiku limene unasweka wachitatu ndi limene sindidzaiwala. Anali pakati pa bwalo, kutali ndi mpanda, mwendo unangopinda, iwo khu pansi, mapale mbwee. Ndinataya nkhuni n'kuthamanga. Anandiletsa ndi dzanja.

"Usandikhudze, Wubalem. Ukandizolowetsa manja akowo, kukhwawa ndidzawafuna."

Ndinaima poteropo. Anapuma kaye, tsaya lili m'fumbi. Kenako anayamba kukwawa ndi zigongono, akukoka mwendo uja, nkhuku zikuwazungulira. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, amene anabereka ana asanu ndi mmodzi. Anafika pampanda, anagwira mtengo wam'munsi, kenako wapamwamba, n'kudzikweza pang'onopang'ono. Zinatenga nthawi yoti munthu aphike ndiwo mpaka kupsa. Ine misozi ili chuchuchu, koma sikunali kulira kwa chisoni kokha. Ndinachita mantha, mantha ngati amene amandigwira wansembe akamatsegula nsalu ya malo oyera. Munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi, kudya naye mbale imodzi, tsiku limenelo ndinaona kuti sindinkamudziwa. Ataima anadzisasa fumbi, n'kundifunsa ngati m'nyumba mwatsala mtsuko wina.

Amayi a gulu ankaona zonsezi, ndipo anapangana nzeru. Anati m'mwezi wa Tahsas asasonkhane kwa mayi Bizunesh, koma asinthane ndi aneba athu a pafupi pompa, kuti mtsuko udzayende mapazi makumi awiri okha, pamalo osalala. A Demeke sakanadziwa kusiyana kwake. Ine anandiuza, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Amene anabwera kudzawanyengerera ndi mayi Bizunesh eniake, akunamizira kuti denga lawo likudontha, sangalandire alendo.

Apongozi anawayang'ana nthawi yaitali. Mvula inali itasiya miyezi iwiri yapitayo.

"Iwe Bizunesh, zaka makumi anayi ndakhala ndikumwa mowa wako wowawasa uja osadandaula. Lero wabwera kudzandimvera chisoni?"

"Nkhalamba yosamva iwe, khwawa lija ngakhale mbuzi zimayamba zaganiza."

"Mbuzi zilibe chitsulo m'chiuno. Ine ndili nacho."

"Ukakagwera m'madzimo ine sindikakuvuula."

"Ungandivuule ndi chiyani, msana wakowo? Tamvera. Demeke ndinam'bereka ndekha, kumunamiza n'kosavuta. Nanga Mariya, mwini mtsukoyo? Ndikamuuza kuti chiyani?"

Mayi Bizunesh anamwa khofi wawo mpaka kapu yachitatu, n'kunena kuti khofi wa m'nyumba muno ndi madzi okhaokha. Potuluka ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Za kusinthana zinathera pomwepo.

Kutatsala mlungu umodzi, apongozi anayenda ndi mtsuko wachinayi mpaka pamphepete pa khwawa. Sanatsike. Anangoyang'ana pansi, kanjira kotsetsereka kaja, madzi, miyala itatu yopondapo. Anati, "Ndaliona," n'kutembenuka. Ndinadziwa kuti mphamvu zotsika ndi kukweranso analibe, ndipo mtima wanga unagwa.

A Demeke anafika tsiku loti mawa ndi la Mariya, galimoto ataisiya kumsewu. Anandipempha mwakachetechete kuti ndimange zovala za amayi awo. Ndinamanga, ndikuvomera. Ndinabisa mtolowo kuseri kwa nkhokwe.

Popita apongozi anakwera bulu. Anati kupita n'kwa bulu, kubwera n'kwawo. Kwa mayi Bizunesh anthu anadzaza kuposa masiku onse, ena ataima kunja kwa mpanda ngati angodutsa. Wansembe anadalitsa buledi, anthu anadya, koma nkhani sizinkayenda. Dzuwa litapendeka pang'ono, mtsogoleri wa gulu anafunsa monga amafunsira nthawi zonse, kuti mwezi wamawa ndi wa yani. Apongozi anaimirira okha, osagwira munthu. Ndodo yawo anandipatsa ine. Anapsompsona nsalu yofiira ija, n'kuufungatira mtsukowo.

Kuchoka pakhomopo kufika pakhwawa ndi pafupi, koma tinayenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Iwo patsogolo, akutsimphina, ife pambuyo. Nyimbo imene amayi amaimba panjira anaiyamba, koma inazilala yokha. Potsika anatembenuka cham'mbali, phazi labwino patsogolo, lodwala likutsatira, kuima, kupuma, kenako kubwereza. Timiyala tinkagubuduka kupita kumadzi. Ine manja anga anali m'mwamba kumbuyo kwawo osawakhudza, mpaka mapewa anandiwawa.

Anafika pamadzi. Anaponda mwala woyamba ndi mapazi onse awiri, n'kuima pamenepo. Mwala wachiwiri unali patali pang'ono, wonyowa, ndipo kuti aufike ankayenera kusiya thupi lonse pamwendo wodwala uja. Ndinaona mwendowo ukunjenjemera pansi pa diresi. Kunali chete moti tinkamva mowa ukukhuvuka mumtsuko. Kutula pansi sakanatha, kubwerera sakanatha, ndipo wina akanangoulandira mtsukowo, ndiye kuti zatha, mawa ali m'galimoto. Mayi Bizunesh anali pambali panga, akunong'ona mapemphero osakanikirana ndi zonyoza.

Amene analephera kupirira ndi a Demeke. Analowa m'madzimo ndi nsapato zawo za m'tauni, manja atatambasula kuti awanyamule amayi awo pamodzi ndi mtsuko womwe.

"Manja akowo abwerere m'thumba," anatero apongozi, mawu ali pansipansi. "Ima pakatipo. Tembenuka, undipatse msana. Uime ngati mzati, usagwedezeke."

A Demeke, bambo wa imvi zake, wa ana ake akuluakulu, anatembenuka n'kuima chilili m'madzi ofika m'akakolo, manja ali m'thumba. Apongozi anatsamiritsa phewa lawo pamsana pa mwana wawo. Ndipo ndinaona chimene ndinkachiona m'mawa uliwonse m'nyumba muno: phewa pamtengo, manja pachifuwa, phazi ili kenako ili. Anamuzungulira mwana wawo monga ankazungulirira mzatiwu, mwala wachiwiri, mwala wachitatu, mpaka phazi linaponda mchenga wa tsidya lino.

Munthu wina kumbuyo anafunsa ngati zimenezi zikuwerengedwa. Mayi Bizunesh anamutembenukira n'kuti, "Miyendo yayenda ndi ya yani? Mzati ngakhale m'nyumba mwako ulimo."

Kukwera kunatenga nthawi yaitali kuposa kutsika. Kawiri anaima mpaka ndinati basi agwa. A Demeke ankabwera pambuyo, nsapato zikulira madzi. Palibe anaimba nthungululu panjira ponsepo, aliyense anaisunga pakhosi. Apongozi anadutsa pakhola, anadutsa pabwalo paja anakwawapo, anakweza phazi pakhomo, n'kukaika mtsukowo pamalo pake, pansi pa chithunzi cha Mariya. Mtsogoleri anagwira nsalu yofiira ija n'kuionetsa kwa onse. Inali youma, osadontherapo ngakhale pang'ono. Pamenepo ndiye amayi anaitulutsa nthungululu, mpaka bulu anadula chingwe.

Apongozi anakhala pabedi, nkhope itachita phulusa, akupuma ngati mbalame yogwidwa. Mawu awo oyamba anali akuti mowawo wawawasanso chaka chino, aununkhiza njira yonse. A Demeke ndinawapeza kuseri kwa khola, atagwira mpanda, mapewa akugwedezeka. Ndinawasiya. Ndinapita kunkhokwe kukamasula mtolo uja mwakachetechete, koma ndikulowa nawo ndinamva apongozi akuti, "Lamba wanga wansalu um'bweze pamene unam'tenga. Ndam'funa kuyambira dzulo."

Mawa lake a Demeke anagwada, anapsompsona mawondo a amayi awo, n'kunyamuka. Pampando umene anakonzera amayi awo panakhala thumba la tefu.

Apongozi anakhalanso zaka zitatu kuchotsapo miyezi iwiri. Kutsimphina sikunathe, ndipo kukazizira mwendo unkawawawa, koma ankakama ng'ombe, ankasankha tefu, ankakwera kutchalitchi ndi ndodo, kupuma pamwala womwewomwewo nthawi zonse. Mtsuko anaunyamulanso kawiri, ndipo kawiri konseko a Demeke anabwera kudzaima m'madzi, atabweretsa nsapato zamphira. Apongozi anamwalira masana, titangomwa khofi, pabedi lomweli pafupi ndi mzati. Anati akufuna kugona pang'ono, ndisawadzutse ng'ombe zikabwera. Tinawaika pamalo paja analoza, pakati pa amuna awo ndi Yirga.

Dzulo, anthu akubalalika, mayi Bizunesh anandiitana. Akalamba kwambiri masiku makumi anayi amenewa, alibenso womunyoza. Anandiuza kuti amayi agwirizana, mwezi wa Tir ndi wanga tsopano, ndiye Tahsas akafika ndikautenge mtsuko kwawo. Anawonjeza kuti ndisayembekeze kuti andimvera chisoni.

M'mawa uno ndinapita pamphepete pa khwawa kukayang'ana. Ndawoloka pamenepo kosawerengeka, nkhuni zili kumsana, osaganizako n'komwe. Koma lero nditaona mwala wachiwiri uja, ndinachita mantha, ine wa miyendo iwiri yabwinobwino. Ndabwerako, ndatenga mtsuko wachinayi uja, umene sanauswe, ndaudzaza madzi mpaka m'khosi. Uli apa pafupi ndi mzati. Ng'ombe ndikazimwetsa, ndiyamba.